Sopo wanu woyamba wakana kulimba? Fufuzani motere

Ngati mwatsegula chikombole n'kupeza sopo wofewa, wonyenyeka kapena wokha mafuta, musathamangire kukamutaya kudzala. Sopo wotere nthawi zambiri amakonzeka, bola mudziwe chalakwika. Musanamugwire valani magolovesi ndi magalasi, chifukwa kositiki (caustic soda, mankhwala osandutsa mafuta kukhala sopo) amene sanalowerere bwino amawotcha khungu. Akakudontherani, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kupitirira.

Yambani ndi muyeso. Munayeza ndi chiyani? Ngati ndi kapu kapena chitini, vuto likhoza kukhala lomwelo. Sopo amafuna sikelo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a mawese (palm oil) imafuna kositiki pafupifupi magalamu 135 ndi madzi magalamu 300. Ya mpendadzuwa kapena soya imafuna wocheperako, pafupifupi magalamu 128. Sikelo yaing'ono ya dijito imapezeka m'masitolo a ku Old Town ku Lilongwe, ndipo ndi mmene adulira mafuta ophikira masiku ano, kuigula n'kotchipa kusiyana n'kutaya malita asanu.

Muyeso ukakhala kuti unali bwino, yang'anani kositiki weniweniyo. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ine ndi pamene panandidyera mafuta anga. Kositiki amakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo akakhala pamtetete amasanduka pang'onopang'ono n'kutha mphamvu. Ena ogulitsa amagula thumba lalikulu, n'kumapungulira m'timapepala ta pulasitiki tongomanga mfundo, thumbalo lili yasaa nyengo yonse ya dzinja. Wondigulitsa ine analumbira kuti katundu wangofika kumene. Nditamasula kunyumba, anali wogwirana mibulu, pepala lili nyowee mkati. Mibulu yotere imalemera ndi madzi, ndiye mukayeza magalamu 135, kositiki weniweni amakhala wosakwana. Mafuta ena amatsala osasanduka sopo, ndipo mukadinikiza ndi chala sopoyo amangobonyoka ngakhale patapita sabata.

Kositiki wabwino amakhala woyera, wouma, woyoyoka mukagwedeza. Mukamuthira m'madzi (iye ndiye amapita m'madzi, osati madzi pa iye, ndipo muchitire panja), chigubu chimatentha moti simungachigwire bwinobwino, madziwo n'kuyera pakapita kanthawi. Chikangofunda pang'ono, pansi n'kutsala zoyera zokana kusungunuka, musaike mafuta anu pamenepo. Gulani wotsekedwa kufakitale, wotsala musunge m'chigubu chotseka zolimba, kutali ndi ana. Ndipo sopo akafewa chifukwa cha kositiki wakutha, musawonjezere wina mongoganizira. Mutulutseni, mumudule, mumusiye pamphepo masabata angapo. Akalimbako mugwiritse ntchito pakhomo, osagulitsa.

Chachitatu, kutakasa. Ngati mafuta ayandama pamwamba, pansi pali zolimba, ndiye kuti munasiya mthiko msanga. Izi zimavuta kwambiri mu Juni ndi Julayi kuno ku Lilongwe. Mawese ndi mafuta a ng'ombe amagwirana okha kukazizira, munthu n'kumayesa kuti sopo wakhwima pomwe ndi mafuta chabe aundana. Mafuta ndi madzi a kositiki zonse zikhale zofunda, cha m'ma 40 digiri, ndipo mutakase mpaka zifike ngati phala la mwana, loti mukadontheza pamwamba mzere ukuoneka. Ndi mthiko zimatha kutenga ola kapena kuposa. Kukonza kwake, khuthulirani zonse, ndi mafuta oyandamawo, mu poto wachitsulo chosachita dzimbiri, muike pa mbaula ya moto wochepa, muzitakasa mpaka zigwirane, kenako mubwezere m'chikombole. Mapoto athu a aluminiyamu aja ayi ndithu. Kositiki amawadya, sopo n'kuda.

Sopo wouma gwa, wonyenyeka podula, wokhala ndi timadontho toyera kapena timabowo ta madzi mkati, ameneyo kositiki wachuluka kapena sanasungunuke yense. Musasambire, ndipo musapatse mwana. Mukwecheni, mumusungunule pamoto ndi madzi pang'ono ndi mafuta owonjezera, akhale wochapira zovala ndi kukolopera.

Muonenso mtundu wa mafuta. A mpendadzuwa kapena soya okhaokha amatulutsa sopo wochedwa kulimba, wosungunuka msanga m'bafa, ndipo pakapita miyezi amachita mawanga achikasu n'kuyamba kununkha. Sakanizani ndi mawese kapena mafuta a ng'ombe. A ng'ombewo funsani kubutchala, sadula kwenikweni, mungowasungunula n'kusefa. Mafuta otsala ku chiwaya cha tchipisi anthu amawathamangira poti ngotchipa, koma fungo lake silichoka.

Kaufa koyera pamwamba sivuto, n'kositiki wakumana ndi mpweya. Palani ndi mpeni. Ming'alu pakati ndiye kuti sopo anatenthedwa, munamufunditsa mabulangete ambiri mu Okotobala. Thovu likachepa, mwina ndi madzi a pamjigo wanu, yesani a kumpopi.

Zotsalazo n'kudikira. Dulani pakatha tsiku limodzi kapena awiri, muyanike pamthunzi podutsa mphepo, muzitembenuza, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. M'dzinja amachedwerapo.