Lekani kuchapa siponji ya mu fyuluta, mukupha mbuna zanu

Chiyambireni nyengo yozizira ino ndaitanidwa kanayi kukaona mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, zimene zikufa m'matanki a galasi, kawiri kumalo ogona alendo, kamodzi ku ofesi ina, kamodzi kugolosale. Konseko thanki inali isanakwanitse masabata atatu, ndipo konseko siponji ya mu fyuluta, chipangizo chosefera madzi a m'thanki, ndinaipeza ili mbee, ngati yangochoka m'sitolo. Eni ake amandionetsa monyadira kuti, "Onani alangizi, ife ukhondo sitinyozera." Ukhondo umenewo ndi umene ukutha nsombazo.

Nsomba imatulutsa poizoni wotchedwa amoniya popuma komanso m'zonyansa zake, ndipo chakudya chotsala chikaola chimawonjezera. M'nyanja ya Malawi, yotalika makilomita oposa 500, zimenezi sizidziwika n'komwe. Koma m'thanki ya malita 100 amoniyayo alibe kolowera. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya, zamoyo zosaoneka ndi maso, okhala mu siponji ija ndi pamiyala. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni, kenako gulu lachiwiri limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene nsomba zimamupirira. Kuti magulu awiriwa akhazikike pamatenga masabata 4 mpaka 6, ndipo madzi akazizira ngati a mu Juni ndi Julaye zimachedwerapo.

Tsono taonani zimene zimachitika. Munthu wadzaza thanki m'mawa, madzulo wathiramo nsomba khumi ndi ziwiri. Patapita masiku ochepa madzi achita ngati mwagwera mkaka. Mbuna ija inali yachikasu chowala yayamba kutuwa, yapinda zipsepse, yakakhala pakona pamwamba ikupuma mwawefuwefu. Ina ikudzikhula pamwala. Mwini wake akuti ndi uve. Atulutsa siponji, aichapa pampopi mpaka itayera, athira madzi atsopano thanki yonse. Mankhwala a klorini a m'madzi apampopi amaikidwa dala kuti aphe mabakiteriya, ndipo sasankha kuti awa ndi othandiza. Timabakiteriya tochepa timene tinayamba kumera tathera pomwepo, kuwerenga masabata kuja kwayambiranso pa ziro. Sabata yamawa nsomba zikafookanso, achapanso. Ndaona thanki ya miyezi itatu imene inali idakali ngati ya tsiku loyamba.

Kwa mbuna vutoli limakula kuposa nsomba zina. Madzi a m'nyanja yathu ali ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi, umene umakwera asidi akachepa) ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo aliyense woweta mbuna amayesetsa kuti m'thanki mukhalenso choncho. Koma pH ikakwera, gawo lalikulu la amoniya limakhala mu mtundu wolowa m'thupi mwa nsomba mosavuta. Mulingo umene nsomba ya m'madzi a pH yotsika ingaupirire, mbuna umaiwotcha ziwalo zopumira. Naitiraiti naye amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, ndiye chifukwa chake nsomba imapuma movutika ngakhale pampu ikuwiritsa thovu usiku wonse. Onjezanipo khalidwe la mbuna. Izi ndi nsomba zolimbirana miyala, ndipo yofooka anzake saimvera chisoni, amaithamangitsa mpaka zipsepse zitanyenyeka. Nsomba zambiri zimene anthu amati zaphedwa ndi inzake zinali zitayamba kale kuphedwa ndi madzi.

Wa golosale uja ndi bambo wachikulire, mlimi wa makumba wa kufupi ndi Domasi ku Zomba, ali ndi madamu atatu. Mwana wake ndi amene anamugulira thanki kuti ikongoletse pakauntala. Nditangofunsa za siponji anandidula mawu.

"Alangizi, ine nsomba ndaweta zaka zoposa khumi. Musandiphunzitse."

"Bambo, kudamu kwanu madzi akayera mbee mumatani?"

"Ndimathira manyowa a nkhuku kuti abiriwire. Madzi oyera mulibe chakudya."

"Nanga munayamba mwaphwetsa damu n'kulikwecha ndi sopo?"

Anaseka mpaka kugwira pakauntala, kenako anakhala duu. Siponji ankaichapa Loweruka lililonse ndi sopo waufa, pamodzi ndi mbale. Pa mbuna 12 zinatsala 3. Zobiriwira za m'damu si mabakiteriya a mu fyuluta, ndinawauza, koma mlimi amene amadziwa kuti m'madzi muli zamoyo zosaoneka sayenera kuvutika kumvetsa nkhaniyi. Chimene chimanditopetsa n'chakuti ogulitsa ena amangomupatsa munthu thanki ndi nsomba tsiku limodzi osamuuza kanthu, ndipo mbuna zimene akunja amazilipira ndalama zambiri zikachoka ku Senga Bay ife tikuzitayira kudzala.

Ngati nsomba zili kale m'thanki ndipo zafooka, siyani kudyetsa masiku awiri kapena atatu, sizifa ndi njala. Mukayambiranso, kamodzi patsiku, pang'ono, chakudya cha zomera monga cha ndere zotchedwa spirulina, chifukwa mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala ndipo chakudya cha nyama chimazitupitsa mimba. Chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi tsiku lililonse, n'kubwezeramo madzi othira mankhwala ochotsa klorini, ofunda mofanana ndi a m'thanki, madigiri 24 mpaka 27. Zimitsani nyali, unjikani miyala kuti zibisalirane, musawonjezere nsomba ina. Gulani zoyezera madzi, amoniya ndi naitiraiti onse akhale pa 0 kwa sabata yathunthu musanapume. Ngati mnzanu ali ndi thanki yakale ya nsomba zathanzi, mupempheni chidutswa cha siponji yake, mubwere nacho chili m'madzi. Magetsi akazima kwa maola angapo tsegulani fyuluta kuti siponji ipeze mpweya koma isaume.

Siponji ikatsekeka mpaka madzi kumangodontha, ifinyeni kawiri katatu mu ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thanki momwemo, muibwezere idakali yabulauni. Kwa bambo a golosale aja ndinachita kulemba pa katoni n'kumata pa fyuluta, chifukwa wochapa mbale Loweruka ndi mdzukulu wawo.