Kufulula mowa wa uchi wa akale a ku Scandinavia ndi uchi wa kuno ku Mzuzu

Uchi umene timagula mumsika wa Mzuzu, kapena m'mbali mwa msewu wa ku Nkhata Bay ndi wa ku Chikangawa, ndi wokwanira kufululira chakumwa chimene anthu akale a kumpoto kwa Ulaya ankachilemekeza kwambiri. Iwo ankati mjöðr, Angelezi amati mead, ndipo ku Ethiopia chilipobe, amati tej. Zofunika ndi uchi, madzi ndi yisiti. Chimene chimagonjetsa ambiri ndi kudikira, chifukwa mowawu sufanana ndi masese amene amapsa m'masiku owerengeka. Umafuna miyezi.

Mbiri yake ndi yakale zedi. Ku Egtved m'dziko la Denmark, mu 1921 anafukula manda a mtsikana amene anaikidwa cha m'ma 1370 Yesu asanabadwe. M'bokosi lake munali kandowa ka khungwa kokhala ndi zotsalira za chakumwa cha tirigu, uchi ndi zipatso zakutchire. Patapita zaka zambirimbiri, cha m'ma 1220, Snorri Sturluson wa ku Iceland analemba nthano ya chiyambi cha mowa wa ndakatulo. Mabanja awiri a milungu, Æsir ndi Vanir, atatopa ndi nkhondo analavulira malovu mumbiya imodzi posonyeza kuti ayanjana. M'malovumo munatuluka Kvasir, wodziwa kuyankha funso lililonse. Tianthu tiwiri ta m'mapanga, Fjalar ndi Galar, tinamupha n'kusakaniza magazi ake ndi uchi, ndipo aliyense womwa mowa umenewo ankasanduka mlakatuli kapena munthu wanzeru. Odin, mkulu wa milungu ya Æsir, anaumwa wonse maulendo atatu okha, nathawa nawo atasanduka chiwombankhanga. Kwa anthu amenewa, mowa wa uchi unkayendera limodzi ndi mawu oyankhulidwa bwino pamaso pa anthu, ndipo mfundo imeneyi tiibwerera tikafika pa kamwedwe.

Kusankha uchi

Pa malita 5 a mowa mufunika makilogalamu 1.5 a uchi, kumene kuli lita imodzi ndi pang'ono. Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuonongekera, choncho musagule mothamanga. Tsegulani botolo, nunkhizani, lawani. Uchi wokhala ndi thovu pamwamba ndi kafungo kosasa unafulidwa usanakhwime. Uli ndi madzi ambiri ndipo wayamba kale kuwira ndi yisiti yakutchire imene simungailamulire. Uchi wonunkha utsi, wochokera kwa ofula ndi moto wambiri, usiyeni, chifukwa shuga akatha kuwira utsiwo ndiwo umatsala pakamwa, ndipo suchoka ngakhale mudikire chaka. Wofinyidwa pamodzi ndi ana a njuchi umadziwika ndi kuderako kwake ndi tizidutswa toyandama, nawonso umabweretsa kakomedwe koipa.

Uchi wolimba ngati mchenga musauope. Anthu ambiri amati wathiridwa shuga, koma uchi weniweni umalimba ndithu, makamaka m'nyengo yozizira. Ikani botolo lake m'madzi ofunda, usungunuka. Uchi wakuda wa m'nkhalango za miombo umapereka mowa wolemera pakamwa koma wochedwa kukoma. Woyererako umafulumira.

Ziwiya

Pezani ndowa yatsopano ya pulasitiki ya malita 10, chigubu cha malita 5 chimene munali madzi akumwa, paipi yopyapyala yoonekera mkati yotalika mita imodzi ndi theka, kabotolo kakang'ono, nsalu yoyera ndi mthiko watsopano umene sunalowepo mu nsima. Chigubu cha mafuta ophikira chimasiya fungo ngakhale muchitsuke bwanji. Cha palafini kapena cha mankhwala a m'munda musachiganizire n'komwe. Poto wa aluminiyamu kapena ndowa ya malata sizoyenera kusungiramo mowa, pakuti asidi wake amadya chitsulo.

Chilichonse chokhudza mowa chiviikidwe mphindi 20 m'madzi a Jik wosanunkhira, sipuni yaikulu imodzi pa malita 4, kenako chitsukuluzidwe bwinobwino ndi madzi owiritsa. Jik wotsalira amapha yisiti ndipo amasiya fungo la kuchipatala.

Tsiku lofulula

Wiritsani malita 4 a madzi kuti kulorini wa kumpopi achoke, ndipo muwasiye azizire kufikira atangokhala ofunda pa chala. Uchi musauwiritse. Fungo la maluwa limene mwalipirira ndalama limauluka ndi nthunzi.

Uchi uli ndi shuga wambiri koma ulibe chakudya china chimene yisiti imafuna, makamaka naitirojeni, ndipo ichi ndicho chifukwa chake mowa wa uchi umakonda kuima panjira. Njira yapafupi ndi kudyetsa yisiti yamoyo ndi yisiti yakufa. Wiritsani masipuni aang'ono awiri a yisiti ya buledi m'kapu ya madzi kwa mphindi 10, izizire. Duladulani mphesa zouma zodzaza dzanja limodzi. Konzaninso kapu imodzi ya tiyi wakuda wamphamvu wopanda shuga, amene amapatsa mowa kaukali kogwira lilime kuti usamveke ngati madzi otsekemera.

Thirani uchi, yisiti yophikayo, mphesa ndi tiyi mu ndowa, n'kuwonjezera madzi aja mpaka zonse pamodzi zifike pa malita 5. Takasani mwamphamvu mphindi zisanu mpaka uchi wonse wapansi utasungunuka ndipo pamwamba pachita thovu. Pa nthawi ino mpweya ukufunika, yisiti imaswana nawo.

Yisiti ya vinyo ndiyo yabwino, magalamu 5. Ngati simunaipeze, sipuni yaing'ono imodzi ya yisiti ya buledi igwira ntchito, kungoti mowa umachedwa kuyera ndipo umanunkhako buledi miyezi yoyamba. Iviikeni m'theka la kapu ya madzi ofunda ngati thupi la munthu, pafupifupi madigiri 35, kwa mphindi 15, ndiye muthire mu ndowa. Zamundowazo zikhale zitazizira kutsika pa madigiri 30. Phimbani ndi nsalu, mangani ndi mphira kuti tintchentche tisapeze polowera.

Pakatha tsiku limodzi kapena awiri mumva kuthetheka mukatchera khutu. Masiku atatu oyamba takasani m'mawa ndi madzulo, kuyamba pang'onopang'ono, pakuti mukafulumira thovu limakwera n'kusefukira. Likadutsa tsiku lachitatu lekani kutakasa. Kuyambira pamenepa mpweya wasanduka mdani.

Pa tsiku la 7 ikani ndowa patebulo, chigubu pansi, ndipo mukoke mowa ndi paipi, kusiya mphesa ndi nsenga pansi pa ndowa. Boolani chitsekerero cha chigubu, lowetsani paipi pang'ono chabe kuti isakhudze mowa, matani m'mbali mwake ndi phula la njuchi, ndipo mbali inayo muimize m'kabotolo ka madzi. Mpweya wa kuwira uzituluka ngati tithovu, wakunja osalowa. Chibaluni chobooledwa ndi singano chimathandizanso, koma chimang'ambika pakapita milungu.

Nyengo ya Mzuzu

Yisiti imagwira bwino pakati pa madigiri 18 ndi 24. Mu Juni ndi Julaye usiku wa kuno umazizira kwambiri, ndipo chigubu choikidwa pa simenti chimangoti zii, tithovu n'kuleka. Yisiti sinafe, yagona. Ikani chigubu pa thabwa, chifunditseni bulangete, chisunthireni kuchipinda chofunda, n'kuchigwedeza pang'ono kuti nsenga zidzuke. Mu Okutobala vuto limatembenuka. M'nyumba ya malata yopanda siling'i mowa umawira mothamanga n'kutuluka woluma kukhosi ndi wopweteketsa mutu. Pamenepo imikani chigubu m'beseni la madzi, pamalo amdima. Miyezi ya Epulo, Meyi ndi Ogasiti ndiyo yosavuta kuyambira.

Kuwira kumatenga milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi. Tithovu tikaleka ndipo mowa wayamba kuyera kuchokera pamwamba, ukokereninso m'chigubu china choyera, kusiya nsenga. Chigubucho chidzaze mpaka m'khosi. Ngati mwaperewera, onjezani madzi owiritsa pang'ono. Ino ndiyo nthawi yolawa ndi kufinyiramo theka la ndimu ngati ukumveka wozizira pakamwa. Ndimu yothira pachiyambi imawonjezera asidi pa nthawi imene yisiti ikuvutika kale, n'chifukwa chake timaisunga mpaka pano.

Amene ali ndi hydrometer, kachipangizo koyezera shuga wa m'mowa, aona kuti muyeso umayambira pafupi ndi 1.088 n'kutsikira ku 1.000, kapena kuima pamwambako pang'ono ngati yisiti ndi ya buledi. Ukakhala malo amodzi milungu iwiri, kuwira kwatha. Mphamvu yake imafika magawo 11 pa 100, kuposa kawiri mowa wa m'botolo, ngakhale pakamwa umamveka wofatsa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu thirani m'mabotolo a galasi, pakuti pulasitiki imalowetsa mpweya pang'onopang'ono. Umayamba kukoma pa miyezi isanu ndi umodzi.

Zikalakwika

Fungo la dzira lovunda m'mlungu woyamba likutanthauza kuti yisiti ili ndi njala kapena yatenthedwa. Onjezani sipuni ina ya yisiti yophika, takasani, ziziritsani. Kusasa kwa viniga kumabwera ndi mpweya kapena tintchentche, ndipo sikubwerera m'mbuyo. Usiyeni usanduke viniga weniweni wa kukhitchini. Chuku chaubweya, chobiriwira kapena chakuda, chikamera pamwamba, tayani zonse. Choopsa kwambiri ndi kutsekera m'botolo mowa umene ukadali ndi shuga wowira, chifukwa galasi limaphulika n'kuvulaza. Wofuna wotsekemera athire uchi m'kapu pa nthawi yakumwa, osati m'botolo. Mowawu si wotcheza ngati kachasu, si wa ana osafika zaka 18 kapena amayi oyembekezera, ndipo kugulitsa kumafuna chiphaso.

Nyanga yomwera

Nyanga ya ng'ombe, yomwera mowawu ngati akale a ku Scandinavia, imapezeka kwa opha ng'ombe. Iwiritseni panja, chifukwa imanunkha, kwa ola limodzi kapena kuposerapo, mpaka fupa lamkati litalekana ndi chikhokhombe. Igogodeni pa chipika, fupalo lituluka. Tsukani mkati ndi burashi ndi sopo kangapo, iume milungu iwiri pamthunzi, ipaleni kunja ndi sandipepa. Kenako sungunulani phula, lithireni mkati, zunguzani kuti lifike paliponse, n'kukhuthula lotsala. Chakumwa chotentha chimasungunula phulalo, choncho nyanga ndi ya zozizira zokha. Pomwa, nsonga yake iloze pambali, apo ayi mpweya umatsekeka kunsongako ndipo mowa umakukhuthukirani kumaso.

Kamwedwe kake

Snorri yemweyo, pofotokoza za masiku a mfumu Hákon ya ku Norway ya m'zaka za m'ma 900, akuti pa phwando la nsembe zikho zinkadutsitsidwa pa moto ndipo mkulu wa phwando ankazidalitsa. Choyamba chinali cha Odin, kupempha chipambano. Chotsatira chinali cha milungu ina, Njörðr ndi Freyr, kupempha zokolola ndi mtendere. Anthu ankamweranso abale awo amene anagona kumanda, ndipo chikho chimenechi ankachitcha minni, kutanthauza chikumbutso. Snorri anali Mkhristu, ndipo ankalemba patapita zaka zoposa 200 Iceland italandira Chikhristu cha m'ma 1000, choncho nkhani zake tiziwerenga tikudziwa zimenezo. Komabe mwambowo unali wozika mizu moti malamulo achikhristu a ku Gulaþing, kumadzulo kwa Norway, ankalamula alimi kufulula mowa wa Khirisimasi ndi kuupereka kwa Khristu ndi Maria, kupempha zomwezija, zokolola ndi mtendere.

Munthu wokulira kumene amathira mowa wa mawere patsinde pa mtengo, akutchula mayina a makolo, sangadabwe nazo izi. Max Weber, katswiri wa ku Germany wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu, m'nkhani imene anakamba ku Munich mu 1917, ananena kuti dziko lamakono lachotsedwa chinsinsi chake, zonse zasanduka zowerengera ndi kuyeza. Pa nkhani ya mowa mawu akewo timawaona ndi maso. Kabotolo ka mowa waukali kamamwedwa chiimire kuseri kwa golosale, munthu ali yekha, cholinga chili kuledzera msanga pa ndalama yochepa. Palibe dzina lotchulidwa, palibe womvera. Chimene akale aja anali nacho, ndi chimene agogo athu anali nacho, ndi dongosolo: womwa woyamba ndani, akumwera yani, anena chiyani.

Sitikunena kuti wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo ayambe kupembedza Odin. Makolo muli nawo anu, ndipo ambiri muli ndi mpingo wanu. Chenjeraninso pofufuza za miyamboyi pa intaneti. A Nazi anatenga zilembo zakale za runes n'kuziika pa yunifolomu za gulu lawo la SS, lotumikira Hitler, ndipo mpaka lero alipo magulu amene amabisa chidani cha mtundu kuseri kwa mayina a milunguyi. Bungwe la Ásatrúarfélagið la ku Iceland, la opembedza milungu yakaleyi, limene linayamba mu 1972 ndipo boma linalivomereza mu 1973, limakana tsankho lotere.

Otsatira mwambowu masiku ano amayendetsa nyanga maulendo atatu, ndipo kachitidwe kameneka n'kosavuta kukatengera pa chikumbutso cha pabanja kapena madzulo a tsiku loika chiliza. Anthu asapitirire khumi, akhale mozungulira, mafoni aikidwe kutali. Wamkulu pa onse ndiye amayamba, atathira kaye pang'ono pansi ngati kwanu mumatero. Ulendo woyamba ndi wothokoza, aliyense monga mwa chikhulupiriro chake. Wachiwiri ndi wa omwalira, ndipo apa musafulumire. Wogwira nyanga atchule dzina lonse la malemu ndi mfunda wake, kwawo, ndi chinthu chimodzi chenicheni chimene anachita, kaya ndi munda umene anatsegula kaya ndi ana amasiye amene analera. Mawu akuti anali munthu wabwino sakwanira, chifukwa mdzukulu amene akumvetsera sangagwirepo kanthu. Ulendo wachitatu ndi wa malonjezo. Munthu anene chimene achite ndi nthawi yake, ndipo ena ali ndi ufulu womuuza kuti achepetse ngati akulonjeza zimene sangathe, pakuti onse omwera nyanga imodzi asanduka mboni.

Woyankhula ndi yekhayo amene wagwira nyanga. Wosamwa mowa apatsidwe thobwa m'chikho chake, ndipo pakakhala wa chifuwa kapena zilonda m'kamwa, mowa uzichoka m'nyanga kupita m'kapu ya aliyense. Ndakatulo yakale ya anthu a ku Scandinavia yotchedwa Hávamál imachenjeza za kakowa wa kuiwala amene amauluka pamwamba pa omwa mowa n'kuwabera nzeru, choncho muyeso wake ndi kukamwa kumodzi pa ulendo uliwonse. Botolo limodzi la mamililita 750 limakwanira anthu asanu ndi atatu maulendo onse atatu. Mukatha, tsukuluzani nyanga ndi madzi ozizira, iume chozondoka, ndipo musaisiye padzuwa kuti phula lisasungunuke.