Momwe mungawerengere masamu a Chemistry: yambani ndi thumba la yureya

Pathumba la fetereza wa yureya pamalembedwa kuti 46% N, N ameneyu akuimira nayitirojeni. Makolo athu amagula thumba limeneli chaka ndi chaka, n'kulikweza pa njinga kupita nalo kumunda kukabereketsa chimanga, koma ndi ochepa amene anafunsapo kuti 46 ameneyu adachokera kuti. Wophunzira wa Fomu 3 angathe kumupeza yekha ndi pensulo ndi pepala, ngakhale sukulu yake ilibe labotale. Ndi zimene tichite pano, ndipo njira imene tidutse ndi yomweyo imene imayankha mafunso ambiri a masamu a Chemistry pa mayeso a MSCE.

Chimene chimagwetsa ana ambiri pa phunziroli n'kuloweza. Mwana amaloweza H₂SO₄ ngati nyimbo ya kwaya, koma mukamufunsa kuti muli maatomu angati amangoti kakasi. Chonsecho masamu a Chemistry ndi kuwerenga basi, monga mmene mayi wa pamsika amawerengera tomato wake. Kungoti zimene tikuwerengazi n'zazing'ono kwambiri moti sizioneka, ndiye timaziwerenga kudzera pa sikelo.

Choyamba, dziwani zizindikiro

Chinthu chilichonse, kaya ndi madzi, mchere, khasu kapena thupi lanu, chinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pamakhala ma proton ndi ma neutron, ndipo ma electron amazungulira kunja. Chiwerengero cha ma proton ndicho dzina la atomu: ikakhala ndi 6 ndi kaboni, ikakhala ndi 7 ndi nayitirojeni, ikakhala ndi 8 ndi okosijeni. Mtundu uliwonse wa maatomu umatchedwa element, ndipo pa periodic table, imene Dmitri Mendeleev wa ku Russia adaiyala mu 1869, lero pali ma element 118.

Musadzivute n'kuloweza onsewo. Gwirani 20 oyambirira, muwonjezerepo iron, copper ndi zinc. Samalani kalembedwe: chilembo choyamba chimakhala chachikulu, chachiwiri chaching'ono. Co ndi chitsulo chotchedwa cobalt, pamene CO ndi mpweya wakupha wochokera pa mbaula. Zizindikiro zina zimaoneka zosagwirizana ndi mayina ake chifukwa zinachokera ku Chilatini: Na ndi sodium, K ndi potassium, Fe ndi iron.

Chachiwiri, werengani maatomu a mu fomula

Apa pali malamulo atatu okha. Kanambala kakang'ono ka m'munsi n'ka chilembo chimene chili kumanzere kwake. Mu H₂O muli maatomu 2 a haidirojeni ndi 1 ya okosijeni. Pamene palibe nambala, dziwani kuti ndi imodzi. Kanambala kakakhala kunja kwa mabulaketi, kamachulukitsa zonse za m'kati mwa mabulaketiwo. Nambala yaikulu ya kutsogolo imachulukitsa fomula yonse: mu 3H₂O muli haidirojeni 6 ndi okosijeni 3.

Tsopano tengani yureya, CO(NH₂)₂. Kaboni ndi 1, okosijeni ndi 1. M'mabulaketi muli nayitirojeni 1 ndi haidirojeni 2, ndipo kunja kuli 2, choncho nayitirojeni ndi 2, haidirojeni ndi 4. Lembani zimenezi pambali nthawi zonse, ngakhale mukuona ngati n'zophweka. Ana ambiri amataya mamalikisi pomwepa, asanafike n'komwe pa funso lenileni.

Chachitatu, pezani kulemera kwa fomula

Maatomu salemera mofanana. Asayansi adagwirizana kuti atomu ya carbon-12 ikhale muyezo, ilemere 12, ndipo ena onse aziyerekezedwa ndi iyo. Nambala imene imatuluka ndiyo relative atomic mass. Amene mudzakumane nawo kawirikawiri ndi awa: H ndi 1, C ndi 12, N ndi 14, O ndi 16, Na ndi 23, S (sulphur) ndi 32, Cl (chlorine) ndi 35.5, Ca (calcium) ndi 40. Pa mayeso nthawi zambiri amakupatsani manambalawa, ndiye chofunika n'kudziwa chochita nawo. Wina angadabwe kuti chlorine ili ndi theka bwanji. Chifukwa chake n'chakuti maatomu a chlorine alipo a mitundu iwiri, olemera 35 ndi olemera 37, ndipo pa maatomu anayi alionse pafupifupi atatu ndi a 35. Mukaphatikiza n'kugawa mumapeza 35.5.

Tiyeni tibwerere ku thumba lathu. Kaboni 1 ndi 12. Okosijeni 1 ndi 16. Nayitirojeni 2 ndi 28. Haidirojeni 4 ndi 4. Zonse pamodzi ndi 60. Pa 60 ameneyu, gawo la nayitirojeni ndi 28. Gawani 28 ndi 60, chulukitsani ndi 100, mupeza 46.7. Ameneyu ndiye 46% N wa pathumba uja. Amatsikako pang'ono chifukwa mufetereza wa pamsika simulephera kukhala tina ndi tina monga chinyezi. Choncho m'thumba la makilogalamu 50, nayitirojeni amene chimanga chikufuna ndi makilogalamu 23. Mukafika kunyumba auzeni bambo kapena mayi zimenezi, chifukwa amene amagula feterezayo ndi iwo.

Chachinayi, mvetsani mole

Apa ndi pamene ambiri amathawira, ndiye tikhalepo pang'ono.

Pamsika sitigula matemba limodzilimodzi. Timagula pa mulu. Mazira timagula pa thireyi, ndipo aliyense amadziwa kuti thireyi ndi mazira 30, dazeni ndi zinthu 12. Mole ndi mulu wa asayansi, kungoti mulu umenewu susintha kaya wogulitsa wadzuka bwanji. Mole imodzi ya chinthu chilichonse ili ndi tizidutswa 6.02 × 10²³, kutanthauza 602 wotsatiridwa ndi maziro 21. Nambalayi imatchedwa ndi dzina la Amedeo Avogadro wa ku Italy pomupatsa ulemu, ngakhale iye mwini sadaiwerengere. Kuyambira mu 2019 adaikhazikitsa kuti ndi 6.02214076 × 10²³ ndendende, koma m'kalasi 6.02 × 10²³ ndi yokwanira.

N'chifukwa chiyani adasankha nambala yovuta chonchi? Chifukwa imalumikiza maatomu ndi sikelo. Mukatenga kulemera kwa fomula kuja n'kulembapo magalamu, mwapeza kulemera kwa mole imodzi. Madzi ndi 18, ndiye magalamu 18 a madzi, amene ndi supuni yaikulu imodzi ndi pang'ono, ndi mole imodzi. Magalamu 12 a kaboni ndi mole imodzi. Magalamu 60 a yureya ndi mole imodzi. Milu itatuyi ikulemera mosiyana, koma chiwerengero cha tizidutswa n'chimodzi, monga mmene thireyi ya mazira a zinziri ingapepukire poyerekeza ndi ya mazira a nkhuku, mazira ali 30 konsekonse.

Lamulo lake ndi limodzi: ma mole amapezeka pogawa magalamu amene muli nawo ndi kulemera kwa mole imodzi. Mchere wa m'ndiwo, NaCl, ndi 23 kuphatikiza 35.5, kupanga 58.5. Mukakhala ndi magalamu 11.7 a mchere, gawani 11.7 ndi 58.5, mupeza ma mole 0.2. Funso likatembenuka, kuti akupatsani ma mole akufuna magalamu, inunso tembenuzani, chulukitsani.

Pali maenje awiri panjirayi. Loyamba n'kuiwala kusintha makilogalamu kukhala magalamu: thumba lathu ndi magalamu 50,000, ndipo mukagawa ndi 60 mupeza ma mole pafupifupi 833. Lachiwiri n'kusokoneza O ndi O₂. Okosijeni amene timapuma amayenda awiriawiri, choncho mole yake ndi magalamu 32, osati 16. N'chimodzimodzi ndi H₂, N₂ ndi Cl₂.

Chachisanu, linganizani equation

Mukasonkha mbaula yodzaza makala, pomaliza mumatsala ndi phulusa lodzaza dzanja. Makala aja apita kuti? Antoine Lavoisier wa ku France adaonetsa ndi sikelo, n'kulemba m'buku lake la mu 1789, kuti zinthu zikamasintha palibe chimene chimasowa ndipo palibe chimene chimabwera chokha. Kaboni wa m'makala wagwirana ndi okosijeni wa mumpweya n'kuuluka: C + O₂ → CO₂. Mzere ngati umenewu, woonetsa zimene zalowa kumanzere kwa muvi ndi zimene zatuluka kumanja, ndiwo equation. Magalamu 12 a kaboni ndi magalamu 32 a okosijeni apanga magalamu 44 a CO₂. Maatomu amene analowa ndi omwewo amene atuluka, angosintha anzawo ogwirana nawo.

Ndiime kaye pa mbaula yomweyi, chifukwa nkhaniyi ndi ya moyo. Mpweya ukachepa, monga m'chipinda chotseka mazenera m'mwezi wa June kapena July, makala sapsa mokwanira: 2C + O₂ → 2CO. Mpweya wa CO ulibe fungo, suoneka, ndipo umalanda malo a okosijeni m'magazi. Anthu amagona osadzukanso. Amene mumawerenga usiku mukuwotha moto, mbaula isagone m'nyumba.

Kulinganiza equation ndi kuonetsetsa kuti maatomu a element iliyonse ndi ofanana mbali zonse za muvi. Tiyese ndi methane, mpweya umene umayaka mu biogas wa ndowe:

CH₄ + O₂ → CO₂ + H₂O

Jambulani mzere pansi pa muvi, muwerenge uku ndi uku. Kaboni ndi 1 kumanzere, 1 kumanja, palibe vuto. Haidirojeni ndi 4 kumanzere koma 2 kumanja, ndiye ikani 2 kutsogolo kwa H₂O. Tsopano werenganinso okosijeni kumanja: 2 wa mu CO₂ ndi 2 wa mu 2H₂O, onse 4, pamene kumanzere alipo 2. Ikani 2 kutsogolo kwa O₂.

CH₄ + 2O₂ → CO₂ + 2H₂O

Mwaona kuti okosijeni tamusiya komaliza. Chitani choncho nthawi zonse ndi element imene yaima payokha, chifukwa mukaisintha sisokoneza zina. Ndipo musakhudze konse tinambala ta m'munsi. Mukasintha H₂O kukhala H₂O₂ kuti okosijeni akwane, mwasandutsa madzi akumwa kukhala hydrogen peroxide, chinthu china kotheratu. Mumaloledwa kusintha nambala za kutsogolo zokha.

Nthawi zina mbali imodzi imakhala ndi 2, ina 3, monga pa dzimbiri la malata likalembedwa mwachidule: Fe + O₂ → Fe₂O₃. Funani nambala imene 2 ndi 3 onse amalowamo, imene ndi 6. Ikani 3 pa O₂ ndi 2 pa Fe₂O₃, kenako malizani ndi chitsulo: 4Fe + 3O₂ → 2Fe₂O₃.

Chachisanu ndi chimodzi, chokani pa equation mufike pa sikelo

Manambala a kutsogolo aja amanena za ma mole, osati magalamu. Mukagwira mfundo imeneyi, mafunso aatali aja amafupika. Tengani ntchito ya anthu owotcha laimu, monga ku Balaka kumene kuli miyala yake yambiri. Mwalawo ndi calcium carbonate, ndipo ukapsa kwambiri mu uvuni umagawika:

CaCO₃ → CaO + CO₂

Funso lingakhale lakuti: magalamu 25 a CaCO₃ atulutsa magalamu angati a CaO? Yambani n'kuona ngati equation ili yolingana. Iyi ili bwino kale. Pezani kulemera kwa CaCO₃: 40, 12 ndi 48, zonse 100. Sinthani magalamu kukhala ma mole: 25 kugawa ndi 100 ndi 0.25. Yang'anani pa equation: mole imodzi ya mwala ikubala mole imodzi ya CaO, ndiye CaO nayenso ndi ma mole 0.25. Bwererani ku magalamu: CaO ndi 40 kuphatikiza 16, kupanga 56, ndipo 0.25 kuchulukitsa ndi 56 ndi magalamu 14.

Magalamu 11 otsalawo auluka ngati CO₂, n'chifukwa chake mwala wowotcha umapepuka. Dziyeseni nokha apa: 14 ndi 11 akupanga 25 amene tinayamba naye, ndiye yankho lili bwino. Akafunsa kukula kwa mpweyawo, kumbukirani kuti mole imodzi ya mpweya uliwonse imatenga malo okwana 24 dm³ pa kutentha kwa m'chipinda, ndipo CO₂ nayenso ndi ma mole 0.25, choncho 0.25 kuchulukitsa ndi 24 ndi 6 dm³, kapena kuti malita 6. CaO uja akathiridwa madzi amatentha n'kusanduka Ca(OH)₂, laimu amene timapaka m'makoma.

Lembani sitepe iliyonse pamzere wake, ndipo musasiye nambala yopanda g, mol kapena dm³ pambali pake. Mukalakwitsa pa kakyuleta koma njira ikuoneka, wochonga ali ndi pogwira kuti akupatseni kenakake.

Musanatseke tsamba lino, yesani funso ili popanda kuyang'ana m'buku. Fetereza wa SA ndi ammonium sulphate, (NH₄)₂SO₄. Werengani maatomu, pezani kulemera kwa fomula, kenako gawo la nayitirojeni pa 100 alionse. Mukapeza 132 ndi 21, mwakhoza. Mukatero werengerani kuti mlimi angafune makilogalamu angati a SA kuti apeze nayitirojeni wofanana ndi wa m'thumba limodzi la yureya. Yankho likhale pafupi ndi makilogalamu 110, matumba awiri ndi kapamwamba.