Kuyenda pagulu m'makwawa a Magaliesberg: zoyenera kukonza

Kuchokera ku Johannesburg kukafika kumapiri a Magaliesberg ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka pagalimoto. Ambiri mwa makwawa akumeneko ali ndi eni ake. M'makwawa a Tonquani ndi Castle Gorge simungalowe popanda chilolezo cha bungwe la okwera mapiri la Mountain Club of South Africa, choncho chitengeni nthawi ikadalipo.

Nyamukani mbandakucha kuti 7 koloko izikwana mwayamba kale kuyenda. Musanatsike mgalimoto gwirizanani ola lobwerera, ndipo likakwana tembenukani ngakhale dziwe lomwe mumafuna lili pataliko pang'ono. Chifukwa chake nachi: kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula yamabingu imakonda kubwera masana dzuwa likapendeka. Khwawa ndi lopapatiza, uku thanthwe uku thanthwe. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amakupezani inu musanaone ndi dontho lomwe. Mukaona madzi ayamba kuda ndi kutenga masamba ndi tizitsotso, kwerani pamalo okwera nthawi yomweyo, koma osati pamsonga paphiri, chifukwa mphenzi imakonda pamenepo. Mu Juni vuto ndi lina: ikamakwana 5:30 dzuwa lalowa, ndipo pansi pa mitengo mdima umafulumira kuposa apo.

Aliyense anyamule yekha malita atatu a madzi, buledi, mtedza, nthochi, jekete la mvula, chipewa ndi tochi. Foni ndi zovala zosinthira zikhale m'jumbo yomanga bwino mkati mwa chikwama. Nsapato zikhale zamapazi ogwira ndiponso zozolowera. Zatsopano zimatulutsa matuza musanafike n'komwe kumtsinje.

Wodziwa njira atsogole, wina wamphamvu atsekere kumbuyo ndi mabandeji, ndipo liwiro likhale la woyenda pang'onopang'ono pa onse. Pamphambano iliyonse dikiranani, muwerengane.

Ambiri amabinya kakolo pobwerera, miyendo itatopa. Mwala wobiriwira ndi ndere kapena wakuda wonyezimira musaudalire. Yesani ndi phazi limodzi, gwirani ndi manja, pakavuta khalani pansi mutsetsereke. Musadumphire m'dziwe lomwe simunaliyeze kuya. Mphiri sithawa munthu, ndiye yang'anani poponda ndi pogwira. Anyani musawapatse chakudya.

Wina akavulala, mmodzi atsale naye, awiri akwere kukafuna netiweki ndi kuimba 112, nambala yoitanira thandizo pangozi, poti pansi pa khwawa foni kawirikawiri sigwira.

Mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa. Mutu ndi kutentha thupi zikayamba patapita masiku angapo, pitani kuchipatala mukanene kuti munali kutchire.