Momwe mungawerengere nyuzi za Chiameniya pa foni ngakhale zilembo zake simukuzidziwa

Mukatsegula nyuzipepala ya ku Armenia koyamba mutha kuganiza kuti foni yalowa vairasi, zilembo zake sizifanana ndi zathuzi olo pang'ono. Anazipanga Mesrop Mashtots cha m'ma 405 ndipo mpaka pano akulembabe zomwezo. Koma zimawerengeka, bola mudziwe poyambira.

Choyamba tsegulani sayitiyo mu Chrome, musangodina linki mkati mwa Facebook ayi. Chrome imatha kumasulira tsamba lonse, ndiye sankhani Chingerezi. Chichewa chilimo mu Google Translate inde, koma nkhani ikachoka ku Chiameniya kudzafika kwathu kuno imafika itapindikapindika moti mutha kumunamizira munthu zomwe sanayankhule. Masayiti ambiri ali ndi kabatani ka ENG pamwamba, kungoti mbali ya Chingereziyo nkhani zimakhala zochepa, zambiri amazisiya m'chilankhulo chawo.

Kenako, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa, fufuzani mwini wa nyuziyo musanakhulupirire. Armenpress ndi ya boma, inayamba 1918, pamenepo mupeza zomwe nduna yanena basi. Haykakan Zhamanak mkonzi wake anali Nikol Pashinyan yemwe anakhala nduna yaikulu mu 2018, ndiye nokha mukudziwa komwe ingapendekere. Azatutyun ndi nthambi ya Radio Free Europe/Radio Liberty, wailesi yomwe inakhazikitsidwa ndi thandizo la boma la America, pomwe Hetq ndi ya atolankhani okumba nkhani za katangale, ineyo ndikanati muyambire pamenepo.

Musaiwale kuti Aameniya ambiri ali kunja kwa dziko lawo kuposa kwawo, ndipo nyuzi yawo yoyamba yeniyeniyo, Azdarar, inatuluka ku Madras ku India mu 1794. Lero kuli Aztag ku Beirut kuyambira 1927, kuli Asbarez yomwe inayamba ku Fresno mu 1908 pano ili ku Los Angeles, ziwirizi ndi za chipani cha Aameniya cha ARF (Armenian Revolutionary Federation) chomwe sichimwerana madzi ndi Pashinyan. Ndiye tengani nkhani imodzi, tinene ya September 2023 pomwe anthu oposa 100,000 anathawa ku Nagorno-Karabakh, dera lomwe Aameniya ankalimbirana ndi dziko la Azerbaijan, muiwerenge pa Armenpress kenako pa Asbarez, muona nokha kuti wolakwa akusintha malinga ndi amene walemba.

Mukamasaka dzina la munthu yesani kalembedwe kawiri. Chiameniya chili pawiri, cha kum'mawa chomwe amalankhula ku Armenia ndi ku Iran, ndi cha kumadzulo cha ku Lebanon, Istanbul ndi madera ena akunja, ndiye yemwe ku Yerevan, likulu la Armenia, ndi Petros ku Beirut ndi Bedros, ndipo mayina othera ndi -yan kunja amalemba -ian. Mukalemba kamodzi kokha theka la nkhani likudutsani.

Za ku Turkey pitani pa Agos, imatuluka sabata iliyonse m'Chituruki ndi Chiameniya kuyambira 1996. Mkonzi wake Hrant Dink anamuwombera panja pa ofesi yake ku Istanbul pa 19 January 2007 koma nyuziyo ikutulukabe. Poti masamba ake ambiri ndi a Chituruki, onetsetsani kuti Chrome yazindikira chilankhulo cholondola musanadine kumasulira.