Kebulo ya sipido ikamalira kuseri kwa dashibodi, musathamangire kugula ina

Datsun 120Y imene madala anandisiyira, ya 1976, inayamba kaphokoso kena mwezi wa September fumbi litafika povuta, ndikangochoka ku Area 25 kulowa mu M1 kumangomveka kwii kwii kwii kuseri kwa chiwongolero ngati mwalowa nkhululu. Ndikaima pa roboti zii, ndikanyamuka kayambanso, nde kamuvi ka sipido nako kumangovina pakati pa 40 ndi 60 osadziwa kuti ndikuthamanga bwanji kwenikweni, pamene apolisi a pamsewu ali ndi kamera yawo kutsogoloku. Ngati muli ndi galimoto yakale, kaya Peugeot 504, Corolla KE70, Land Rover ija ya Series olo Nissan 1400, phokoso limeneli lidzakupezani ndithu.

Muyambe mwamvetsera kaye. Phokoso la kebulo limatsata liwiro la matayala, osati injini. Mutaima pondani mafuta, ngati likumvekabe nde si kebulo, kayang'aneni fanibeluti. Koma mukamayenda, ikani nyutulo galimoto izingoyenda yokha, likapitiriza ndipo likumachepa pamene galimoto ikuchepa liwiro, ameneyo ndi iyeyo.

Chinthuchi mmene chimagwirira ntchito nchosavuta. Kunja kuli chikhungwa chonga paipi, mkati muli kawaya kopota ngati sipuling'i, nsonga zake nthawi zambiri zimakhala za makona anayi. Kumunsi kamalowa mu kagiya kakang'ono ka pa giyabokosi, kumtunda kamazunguza maginito amene ali mkati mwa wotchi ya sipido, maginitowo amakoka kambale ka aluminiyamu kamene kagwira muvi uja. Basi, palibe za magetsi. Nde girisi wa mkatimo akauma, kapena kawayako kakapindika penapake, kamagwira nkusiya, kugwira nkusiya, nchifukwa chake muvi umadumpha. A VW Beetle inu yanu siichokera pa giyabokosi, imachokera pa tayala lakutsogolo, musakagone pansi pa galimoto pachabe.

Zofunika ndi pulayala, sikuludiraiva, palafini pang'ono m'botolo, nsanza zoyera, nyuzipepala yakale ndi girisi wopepuka. Chotsani kaye waya wa negetivu pa batire chifukwa kuseri kwa dashibodi ya galimoto yazaka pafupifupi 50 kumakhala mawaya olumikiza ndi tepi amene anthu anayi osiyana anagwirapo, mukakhudzitsa mudzaona utsi.

Pisani dzanja kuseri kwa wotchi, mupeza kanati kozungulira kamanomano komasula ndi zala, galimoto zina ndi kakilipu ka pulasitiki kongofinya. Pa Datsun yanga ndinachita kugona chagada mutu uli pa mapedulo miyendo ili pa mpando, mwana wa aneba anathamanga kukauza mayi ake kuti ankolo agwa m'galimoto kkkk. Ngati dzanja silikufika masulani masikulu a dashibodi muikokere kutsogolo pang'ono, pang'onopang'ono chonde, pulasitiki yakale imathetheka ngati chigumu chouma ndipo simuipezanso pena paliponse.

Mukamasula, bwezerani waya wa batire uja, kayendeni kaye kamtunda kochepa kebulo ili lende. Phokoso likakhalapobe vuto lili mu kebulo, zili bwino, imeneyo ndi ntchito ya Loweruka mmawa. Likatha, mwina ndi wotchiyo imene bushi yake yauma, tidzafikako.

Tsopano gwirani nsonga ya kawaya kamkati ndi pulayala mukoke, kamatuluka konse ngati njoka. Galimoto zina kamatulukira kumunsi, nde kakakana musalimbane nako, masulani ku giyabokosi. Polowa pansi musadalire jeke yokha aise, ikani masitandi kapena zipika zolimba, matayala muwatchinge ndi miyala, ndipo dikirani ekizozi izizire.

Apa mpamene pali nkhani yonse. Tsukani kawayako mu palafini mpaka girisi wakale wakuda uja atachoka, pukutani, kenako kayendetseni pakati pa zala mwapang'onopang'ono muli ndi kansanza. Nsanza ikakodwa penapake ndekuti tiwaya tina tathothoka, kameneko katha, olo mupake girisi wotani kadzaduka basi. Ngati kali kosalala, gwirani nsonga zonse ziwiri kalendewere ngati chilembo cha U, nde muzipotokola nsonga imodzi ndi zala. Kabwino kamazungulira mwa myaa, kopindika kamachita ngati kakukana kenako nkudumpha kamodzi phethu. Muthanso kukagoneka pa simenti yosalala nkukagubuduza, popindika pamadzuka pokha. Kuwongola ndi hamala ndinayesapo, musataye nthawi yanu.

Kakapambana mayeso amenewa thirani palafini mu chikhungwa chija kuchokera kumtunda, kumunsi mutamasula ndipo mwatchera kachitini, mudzadabwa matope amene atulukemo. Chisiyeni chiume bwinobwino.

Kupaka girisi ndi pomwe ambiri timalakwitsa, ineyo ndinaphunzira mowawa. Ulendo woyamba ndinapita nayo kwa makaniko wina wapansi pa mtengo, anatenga girisi wa mabering'i uja wolimba nkupaka kawaya konse mpaka kunsonga, nkundiuza kuti bwana apa ndiye mwaiwalako. Zoona phokoso linatha, koma patangopita masabata angapo muvi unayamba ulesi, kukwera mochedwa, ndikaima iwo uli pa 20 ukutsika mwaufumu. Chimachitika nchakuti kawaya kopota kaja kakamazungulira kamakankhira girisi kumtunda, nde amakalowa mu wotchi nkumata kambale kaja. Choncho pakani kochepa kwambiri, kongonyezimiritsa, kuyambira kumunsi kufika magawo awiri mwa atatu a utali wake, kumtundako kusiyeni kouma. Mukapeza mafuta a graphite ndi abwino koposa chifukwa sagwira fumbi, nanga fumbi la Lilongwe mu October mukulidziwa. WD-40 ndi mafuta opopera opepuka kwambiri, amauma msanga, phokoso limabwerera sabata isanathe.

China, mukapeza kawayako kali chonyowa ndi oyilo wonunkha wa giyabokosi mpaka kumtunda, ndekuti kasiilo ka pa kagiya kaja katha. Sinthani kameneko kaye, apo ayi oyiloyo adzafika mu wotchi ngakhale inu musapake kalikonse.

Pobwezera lowetsani mukupotokola, kakafika kumapeto mumva kakulowa mu kabowo kake ka pa kagiya kaja kenako kakukana kuzungulira, ndekuti kakhala. Kumtunda kazitulukira pafupifupi sentimita imodzi, kakatalika kwambiri kamakankha wotchi nkuyambitsa phokoso lina latsopano. Manati mangani ndi zala zokha. Muonenso njira imene kebulo yadutsa, isakhote mwadzidzidzi, isagunde ekizozi, isapanikizike ndi chiwongolero kapena pedulo ya kilatchi. Yanga ndinapeza kuti wina poika wailesi kalekale anaimangirira ndi waya ku bulaketi nkuipinda ngati chigongono, kungoimasula pamenepo theka la kuvina kwa muvi linatha.

Za wotchi zija: tengani kachidutswa ka kebulo yakale mumange pa drill, mulowetse kuseri kwa wotchi nkuzunguza pang'onopang'ono, muvi ukapanda kusuntha sinthani drill izungulire chammbuyo. Ikamalira, kadontho kamodzi ka oyilo wa makina osokera pa bushi ya polowera kebulo kamathandiza, kamodzi kokha. Kutsegula mkati mwenimweni ine sindimalimba mtima, muli kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi, kakapindika sipido izikunamizani mpaka kale.

Ngati kawaya katha, nyamulani kebulo yonse yakaleyo popita kukasaka ku Biwi kapena mumashopu a sipeya a ku Malangalanga, musangotchula dzina la galimoto chifukwa anyamata aja sakana, akupatsani iliyonse nkukuuzani kuti imalowa. Yezani utali pomwepo, fananizani manati onse awiri ndi nsonga zake. Yotalikirapo pang'ono mutha kuikhotetsa mwaulemu, koma yaifupi isiyeni pa kauntala pomwepo. Yanga ndinaipeza yochotsa mu 120Y ina yophwasula, ndinaitsukanso ndi palafini ndisanaike, ndipo pano kuchoka ku Kanengo kufika mtauni chimene chikumveka ndi chitseko chakumbuyo chokha.