Momwe mungaikire skimmer mu sampu ya thanki ya madzi amchere

Anthu akamva kuti ndimaweta nsomba za m'nyanja yamchere kuno ku Kasungu amayamba aseka kaye. Amati nyanja yathu ili ndi mbuna zokongola zomwe azungu amachita kuitanitsa pa ndege, iwe n'kumavutika ndi mchere wa m'ndowa? Chibaba chimenechi ndinachitenga ku Joni, komwe ndinagwirako ntchito mu shopu yogulitsa nsomba zoweta, ndipo sichinandichokebe. Anzanga awiri a ku Lilongwe akhala akundifunsa pa WhatsApp za kaikidwe ka skimmer, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Kwa amene simunaionepo, skimmer ndi chubu choimirira chokhala ndi pampu pansi ndi kapu pamwamba. Pampuyo imakoka madzi ndi mpweya nthawi imodzi n'kuuphwanya mpweyawo kukhala timathovu ting'onoting'ono. Zotsalira za chakudya ndi zonyansa za nsomba zomwe zasungunuka m'madzi zimakakamira pa timathovuto, thovu limakwera, n'kukagwera mu kapu. Zimene mumakhuthulamo zimaoneka ngati tiyi wopanda mkaka, koma fungo lake ndi la ngalande. Ngati mumaweta mbuna kapena chambo sungani ndalama zanu. M'madzi opanda mchere timathovu timaphatikizana msanga n'kuphwa, thovu silikwera.

Yambani ndi tepi yoyezera, osati ndi chikwama. Thanki yanga ndi ya masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi, 50 kutalika, kutanthauza malita 300, ndipo sampu, thanki yaing'ono ya m'kabati ya pansi pake momwe madzi amatsikira kukasefedwa asanabwerere kumwamba, ndi ya 80 kwa 35. Yezani chipinda cha sampu chomwe skimmer idzakhalemo, koma yezaninso kuchokera pansi pa sampu kufika kudenga la kabati. Kapu imachoka poikweza m'mwamba. Pakapanda mpata wa masentimita angapo pamwamba pake, mudzazula skimmer yonse nthawi iliyonse mukafuna kutsuka, ndipo pakatha mwezi mudzaleka kutsukako. Pa bokosi amalembapo malita omwe makinawo angakwanitse. Tengani yopitirira pang'ono thanki yanu, osati kawiri kapena katatu, chifukwa yaikulu kwambiri imasowa zonyansa zokwanira zoti thovu likhazikike.

Za mtengo sindikunamizani, zimawawa. Kuno sizipezeka m'mashopu, zimabwera ndi anthu a mabasi a ku Joni, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha ma rand chinangokwera mutu. N'chifukwa chake ambiri amathamangira zogwiritsidwapo kale ntchito za pa Facebook. Palibe cholakwika, koma muuzeni wogulitsayo atsegule pampu akuonetseni kachipukupiza ka mkati. Ka skimmer kamakhala ndi timinga tambirimbiri, n'chifukwa chake amakatcha needle wheel, ndipo ndi timingato timene timaphwanya mpweya. Mnyamata wina anandigulitsa yokhala ndi kachipukupiza ka pampu wamba, nditamuimbira foni n'kumati zonse n'zofanana, bwana. Sizifanana. Imeneyo imangowinduka ngati phala pamoto, osakoka kanthu. Pulagi yake ikakhala ya mano ozungulira ya ku South Africa, iduleni muikepo yathu ya mano atatu a makona. Timaadaputa totchipa ta kumsika sitichedwa kuchita dzimbiri pafupi ndi mchere.

Ikafika, imasuleni yonse muitsuke ndi madzi ofunda osakaniza ndi viniga woyera. Sopo ayi, ngakhale pang'ono. Zatsopano zimabwera ndi timafuta ta kufakitale tomwe timaletsa thovu kukwera.

Sampu yanga ili ndi zipinda zitatu zogawidwa ndi magalasi. Skimmer imakhala m'chipinda choyamba, momwe madzi ochokera mu thanki amagwera atadutsa mu sokosi yosefera, chifukwa ndi momwe muli madzi akuda kwambiri. Pampu yobwezera madzi kumwamba ili m'chipinda chomaliza. Musaike skimmer m'chomalizachi. Madzi akamauma ndi kutentha, chipinda chomwe chimatsika ndi chimenecho, pomwe choyambacho chimakhala pamlingo umodzi chifukwa galasi logawa ndi lomwe limaulamulira. M'mwezi wa Okutobala kuno thanki yanga imauma malita angapo pa tsiku. Ngati magalasi mukumata nokha, werengani pa chubu cha silikoni. Ija yolembedwa kuti imapha nkhungu ndi ya kubafa, imapha nsomba.

Tsopano nkhani yeniyeni, kuya kwa madzi. Skimmer iliyonse ili ndi mlingo womwe anaipangira, ndipo zambiri za mu sampu zimafuna pakati pa masentimita 15 ndi 20. Onani m'kabuku kake. Yanga imakhazikika pa 18. Madzi akachepa thovu silifika pakhosi, akachuluka kapu imadzaza madzi okhaokha pa mphindi zochepa. Ngati chipinda chanu n'chakuya, ikwezeni pa kathandala. Ine ndinadula tizidutswa tinayi ta payipi ya PVC, n'kuikapo pulasitiki ya mabowomabowo, n'kumanga ndi ma cable tie. Njerwa musayerekeze, chitsulo n'kosayamba.

Ine zonsezi ndinazichita bwinobwino, koma ndinaiwala kuti magetsi amathima.

Magetsi akathima pampu yobwezera imaima, koma madzi a pamwamba mu thanki saima nthawi yomweyo. Amapitirira kutsikira mu sampu mpaka atafika m'munsi mwa potulukira. Kwanga amatsika masentimita 3. Zikumveka zochepa, koma 120 kuchulukitsa ndi 50 kuchulukitsa ndi 3 ndi malita 18. Mu sampu ya 80 kwa 35, malita amenewo amakweza madzi ndi masentimita opitirira 6 pang'ono. Skimmer yomwe inali pa 18 yapezeka ili pa 24.

Ndiye onani nzeru zanga. Poona kuti skimmer imadya magetsi ochepa komanso imalowetsa mpweya m'madzi, ndinailumikiza ku inveta kuti nsomba zisabanike usiku. Pampu yobwezera ndinaisiya ku soketi ya pakhoma kuti batire lisathe msanga. Kuwonjezera apo, kapu yanga ili ndi kabowo kotulutsira zonyansa, ndiye ndinalumikizako kapayipi kopita m'chigubu cha malita 5 chomwe ndinachiika pansi kunja kwa kabati, ati kuti ndisamakhuthule pafupipafupi. Ulesi.

Usiku wina magetsi anapita tili mtulo. Madzi anakwera mu sampu, skimmer ili pa inveta osaima, n'kuyamba kupopa madzi a thanki kudzera mu kapu, kudzera mu kapayipi, kulowa m'chigubu. Chigubu chitadzaza anayamba kuyenda pa simenti. M'bandakucha ndinangomva mayi a kunyumba akundigwedeza: "Bambo, tadzukani mukaone nyanja yanu ija, yafika pabalaza." Mphasa inali itanyowa, thumba la ufa lomwe linali pakona litayamwa madzi m'munsi, nsapato za mwana za kusukulu zili m'chithaphwi. Fungo lake losaneneka. Titakolopa n'kuuma, pa simenti panatsala mizere yoyera ya mchere yomwe inatitengera masiku kuti ichoke.

Sizinathere pomwepo. Magetsi atabwera, pampu yobwezera inakweza madzi mu thanki, chipinda chomaliza n'kuuma, pampu n'kuyamba kulira ikukoka mpweya. Mwaphuma ndinathiramo ndowa ya madzi opanda mchere monga ndimachitira akauma ndi dzuwa. Kumeneko kunali kulakwa kwachiwiri. Madzi akauma okha mchere umatsala mu thanki, n'chifukwa chake timabwezera opanda mchere. Koma awa anatayika ndi mchere wawo womwe. Nditayeza ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, ndinapeza mchere utatsika kuchoka pa 1.025 pomwe ndimasunga. Nsomba zinapirira, koma nkhanu zanga ziwiri zazing'ono zija zimatsuka nsomba zinzake sizinaone sabata.

Zomwe ndinasintha ndi izi, ndipo inu muzichite tsiku loyamba lomwelo. Skimmer isamayake pampu yobwezera ili chozima. Zonse zikhale pa gwero limodzi la magetsi. Ngati mukufuna mpweya nthawi ya mdima, ikani kapampu ka mpweya ka batire kapena pampu yozunguza madzi mu thanki pa inveta. Chachiwiri, magetsi akabwera skimmer izidikira kuti sampu itsike kaye. Kunja amagulitsa timakina tochedwetsa tapadera, koma ine ndinangogula fridge guard, kaja timaika pa firiji. Kamadikira mphindi zingapo kasanalole magetsi kudutsa, ndipo mphindi zimenezo zimakwana. Chachitatu, boolani kabowo ka mamilimita 3 kapena 4 pa payipi yobwezera, m'munsi pang'ono mwa pomwe madzi a thanki amalekezera. Pampu ikaima kabowoko kamalowetsa mpweya, payipi imaleka kuyamwa madzi kubwerera pansi. Kamatsekeka ndi ndere, muzikatokosa ndi kamtengo ka machesi. Kapayipi ka chigubu ndinakachotsa, kabowo ka kapu n'kutseka. Kapu ikasefukira bola zigwere mu sampu momwemo.

Mukatero yesani dala. Zimitsani zonse pa switchi masana muli maso, muone pomwe madzi akulekezera mu sampu, mulembe mzere ndi pentopeni. Yatsaninso. Chitani kawiri.

Kuyatsa koyamba, tsegulani valavu yotulutsira madzi mpaka kumapeto kuti thovu likhale pansi, kenako muzitseka pang'onopang'ono mpaka lifike m'munsi mwa khosi la kapu. Mukatembenuza dikirani mphindi 20 kapena 30 musanagwirenso. Sabata yoyamba, mwina ziwiri, imachita misala: lero osatulutsa kanthu, mawa kusefukira. Isiyeni, ikuzolowera. Mukapisa dzanja lodzola mafuta mu thanki kapena mukangodyetsa nsomba, thovu limagwa kwa kanthawi, si kuti yawonongeka.

Chimodzi chomwe mabuku akunja satchula kawirikawiri ndi mpweya wa m'nyumba zathu. Chilichonse chili m'chipindamo skimmer imachikokera m'madzi. Mankhwala opopera udzudzu ndi poizoni woopsa kwa nsomba ndi nkhanu, koyilo chimodzimodzi, utsi wa mbaula nawonso si wabwino. Mukafuna kupopera, zimitsani skimmer, phimbani thanki ndi sampu, mudzayatse mutatsegula mawindo. Ine kapayipi ka mpweya ndinakatalikitsa n'kukatulutsira pawindo la kuseri, kutali ndi kukhitchini.

Zotsalazo n'zachidziwikire. Zingwe zizilendewera kaye pansi zisanakwere ku soketi kuti dontho lisatsetserekere m'magetsi. Kapu muzikhuthula masiku awiri kapena atatu aliwonse, n'kupukuta khosi lake, chifukwa likachita matope thovu silikwera bwino. Thovu likachepa popanda chifukwa, kawirikawiri ndi mchere wouma pomwe mpweya umalowera mu pampu, ndiye ivikeni nsonga ya kapayipi ka mpweya mu kapu ya madzi ofunda opanda mchere iyamwe. Pampu yonse imasuleni pakatha miyezi itatu kapena inayi, igone mu viniga. Zokhuthulazo katayeni kuchimbudzi, osati pa maluwa a mayi. Mchere umawotcha.